Nkhuku imene inatsimphina miyezi isanu

Isiyeni nkhuku imeneyo! Iwe Paulo, ndati isiye. Mwaithamangitsa kuyambira m'mawa ngati m'kholamo mulibe zina. Mukagwire tambala woyera uja, ameneyo ndiye wa ndiwo. Zamawangamawangazi pakhomo pano sitidya, ndipo makolo anu akudziwa bwino, kungoti masiku ano mwana sauzidwa kanthu, amauzidwa ndi foni. Bwerani mukhale pamthunzi pano. Lusiya, tandipatsira nsapato yanga ija mumaiseka kuti ikufanana ndi bwato. Nsapato imeneyi ndi nkhukuyo nkhani yake ndi imodzi.

Inali nthawi ya Apwitikizi, Lichinga tikuitchabe Vila Cabral, nkhondo isanafike. Tinkakhala kumudzi wathu wakale, kumpoto kwa Lunho, kumene lero kwamera thengo. Ndinali nditangokwatira agogo anu aakazi, a Esita, ndipo mwana tinali naye mmodzi, Yohana, atate ako iwe Lusiya. Anali akuyamwa, ndipo kulira kwake n'komwe unatengera iweko.

Ntchito yanga inali kukoka khoka. Inu mumadziwa maukonde a nayiloni ogula kusitolo, opepuka ngati nsalu ya udzudzu. Lathu linali la ulusi wa mtengo wa bwazi, lopota tokha pantchafu mpaka ubweya wa pantchafupo kutheratu, ndipo likanyowa linkalemera koopsa. Bwato linkakaliponya kutali, ife n'kutsala pamtunda m'mizere iwiri, chingwe m'chiuno, kumayenda chafutambuyo, zidendene zikukumba mchenga. Mwezi wa Okutobala mchenga umenewo unkawotcha moti amuna akuluakulu ankavina osafuna. Ine ayi. Ndinkaponda mchenga wotentha, miyala yakuthwa, minga ya kampango, osatsinzina n'komwe. Anzanga anandipatsa dzina loti Chidendene, ndipo malo oipa onse, pamene ena ankakana kuima, ankaikapo ine. Ndinkanyada, ana inu. Ndinkayenda ngati mudzi wonse ndinaumanga ndine.

Agogo anu okha ndiwo sankaseka nawo. Tsiku lina tikuwamba nsomba anandikankha mwamphamvu, ine n'kukwiya, koma iwo akuloza pansi. Ndinali nditaponda khala lamoto, khungu likununkha, mwini wake osadziwa. Anandionanso zigamba zotuwa kumsana, kumene munthu sadziona yekha. Ankadziwa chimene ankaopa. Malume awo, a Mateyu, anayamba chimodzimodzi: phazi linachita dzanzi, kenako linapindika, linatuluka chilonda pansi, mpaka anakalidula ku Vila Cabral. Mudzi wonse tinkati a Mateyu anawalodza chifukwa cha munda.

Ndiye m'mawa wina khoka linagwira utaka wambiri. Ine ndinali kumapeto kwa chingwe, pamiyala. Phazi lamanzereli linalowa pampata wa miyala iwiri, chingwe chinandikokera uku, ndipo ndinamva kuti thyo! ngati munthu wathyola chinangwa chachiwisi. Kumva kwake kunali kwa m'khutu basi. Ndinazula phazi, tinamaliza kukoka, ndinasenza dengu la nsomba n'kuyamba ulendo wa kunyumba. Anakuwa ndi mayi wina amene anabwera kudzagula utaka.

"Mayo ine! A Chidendene, phazi lanu likuyang'ana kuti?"

Nditayang'ana pansi, ndinapeza kuti phazi laguluka pakakolo. Zala zinkaloza kumbali, ndipo ndinkayendera m'mphepete mwa phazi, fupa la kakolo lili pafupi kukhudza mchenga. Mukuganiza kuti anthu anachita mantha? Anaomba m'manja! Ankati uyu ndiye mwamuna, phazi laguluka iye n'kumasenzabe dengu. Ine n'kumamwetulira ngati chitsiru.

Madzulo ake anakatenga Che Amidu pabwato. Anali Msilamu wa cha ku Metangula, wamalonda a mchere ndi nsalu, koma luso lolunga mafupa analitenga kwa atate awo, ndipo gombe lonse, Mkhristu kaya Msilamu, munthu akathyoka ankathamangira kwa iwowo. Anaitana amuna anayi kuti andigwire, anandipatsa kamtengo koluma, n'kugwira chidendene. Anakoka, anapotoza, fupa linabwerera m'malo mwake kuti gubu! Ine kamtengo ndinali nditalavula kale, ndikufunsa anzanga kuti utaka uja wagawidwa bwanji. Amuna aja anaseka. Che Amidu sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lawo lili paphazi langa.

"Chiyambire ntchito imeneyi," anatero pang'onopang'ono, "sindinaone munthu wosakuwa."

Ine ndinayesa akunditama.

Anandimanga phazi ndi timabango ndi luzi, n'kupaka mankhwala awo akuda. Kenako anachita zimene olunga mafupa onse ankachita masiku amenewo. Anaitanitsa nkhuku ya pakhomo. Agogo anu anabweretsa msoti wamawangamawanga umene unali usanayambe kuikira. Che Amidu anauthyola mwendo wamanzere, anaumanga ndi timabango, n'kuupaka mankhwala omwewo. Musakwinye nkhope, ndi mmene zinkakhalira. Kunalibe makina ounikira m'thupi, ndiye nkhukuyo ndiyo inkauza munthu mmene fupa lake likulungikira.

"Lamulo ndi limodzi," anatero Che Amidu. "Tsiku limene msotiwu uponde bwino ndi mwendo uwu, inunso pondani. Usanaponde, inu phazi m'mwamba."

Ndinavomera msanga, poti aliyense ankadziwa kuti nkhuku imachira pa masabata atatu.

M'mawa mwake agogo anu anabereka Yohana kumbuyo, n'kunena kuti akupita kukapempha mchere kwa azakhali awo. Linali bodza. Anayenda theka la tsiku mpaka kuchipatala cha mishoni, ndipo patapita masiku awiri anatulukira a Barnaba, amene tinkawatcha a enfermeru, ndiye kuti namwino. Anali munthu wamfupi, wa mutu wa dazi, ndipo njinga yawo ankaikankha kwambiri kuposa kuikwera chifukwa cha mchenga.

Anatola nthenga pabwalo n'kundiuza kuti nditsinzine.

"Ndikakukhudzani munene."

Ndinatsinzina, ndinadikira, ndinadikirabe. Kenako ndinati, "Nanga yambanitu, a enfermeru."

"Ndamaliza kale," anatero. "Ndakukhudzani kakhumi."

Anakhala pansi pafupi nane, n'kulankhula motsitsa mawu kuti apanjira asamve. Anati mwala uja unangomalizitsa ntchito imene inayamba kale. Matenda anali atapha mitsempha ya m'phazi, ndipo phazi losamva kupweteka silidziwa kudziteteza. Ndinali nditaliponderera zaka, timafupa ta m'kati tikuphwanyika pang'onopang'ono, mfundo zikumasuka. Anandigwiritsa dzanja langa lomwe. Phazi lamanja linali lozizira, lamanzere linkatentha ngati mwala wa padzuwa.

"Kutenthaku kukadalipo, mafupa ndi ofewa. Mukaponda, laphwasuka, ndipo likaphwasuka kachiwiri palibe amene angalibweze. Mukalisiya ku Vila Cabral monga a Mateyu. Mudikire mpaka lizizire ngati linzake. Mwina miyezi inayi, mwina isanu."

"Ndi matenda anji amenewo?" ndinafunsa.

"Khate."

Ana inu simulidziwa mawu amenewa kulemera kwake. Lero munthu amamwa mapiritsi n'kuchira, anzake osadziwa n'komwe. Kalelo wakhate ankadyera m'mbale yake yekha, ndipo ana ankawaletsa kumuyandikira. Ndinapsa mtima moti ndikanakhala ndi mapazi awiri ndikanawathamangitsa.

"Mayi anga sanabereke wakhate!" ndinakuwa. "Miyezi isanu banja langa lizidya chiyani, nthenga zanuzo? Tamverani, a enfermeru, nanunso amake Yohana mumve: ine ndiponda tsiku limene nkhuku iyo iponde. Osati lisanafike, osati litapita. Ndalumbira."

A Barnaba anapukusa mutu, anasiya botolo la mapiritsi m'manja mwa agogo anu, n'kukankha njinga yawo. Mapiritsiwo ndinkamwa, poti kumeza sikuletsa munthu kupita kukhoka, komanso agogo anu ankaima pamaso panga ndi chikho cha madzi mpaka ndimeze. Koma za phazi, ndinkangoyang'ana nkhuku.

Masabata atatu anakwana. Agogo anu anachotsa timabango pamwendo wa msoti, n'kuuika pansi. Unadumpha ndi mwendo umodzi, winawo utaupinda m'mimba. Ndinati mwina mawa. Mawa lake chimodzimodzi. Mwezi unatha, mvula inayamba, anthu anabzala, nkhuku ikutsimphinabe.

Mukanandiona nthawi imeneyo! Mwamuna wamkulu, Chidendene weniweni, kukhala pakhonde tsiku lonse maso ali pa nkhuku. Ndinkaiponyera usipa wabwino, wosankha. Ndinkainyengerera. Ndinkaitukwana. Ndinkaiuza kuti anzake onse akuyenda, iyo manyazi ilibe kodi? Kuchimbudzi ndinkapita ndi ndodo ya mphanda kukhwapa, phazi lili m'mwamba, ine ndi nkhuku kudumpha mofanana, ana a m'mudzi n'kumatisuzumira kumpanda.

Pamene ine ndinkakangana ndi nkhuku, agogo anu ndiwo ananyamula nyumba. Ankalima okha, kuviika chinangwa, kusinja kondowole, kenako kupita kugombe kukayanikira anthu usipa pathandala kuti awagawireko ndiwo. Anakapempha maukonde ong'ambika a mudzi wonse n'kundiunjikira pamiyendo kuti ndizisoka, akuti manja anga sanaguluke. Anaonda mpaka chitenje ankachizunguliza kawiri. Koma m'mawa uliwonse zinthu ziwiri sankaphonya. Ankatenga nkhuku ija kupita nayo kuseri kwa khitchini, akuti kukaipaka mankhwala a Che Amidu. Akabwerako ankagwada n'kuika kuseri kwa dzanja paphazi langa lamanja, kenako lamanzere. Ine ndinkati akazi angawa amandikonda bwanji.

Mwezi wachiwiri uli kumapeto, Che Amidu anadutsa ndi bwato lawo la mchere. Sindinawapatse ndi moni womwe wokwanira.

"Che Amidu, mankhwala anu anasukuluka. Nkhuku yanji yosachira miyezi iwiri?"

Anaigwira nkhukuyo, anaitembenuza, n'kuyamba kupapasa mwendo kuchokera kuzala. Atafika pantchafu, m'kati mwa nthenga, zala zawo zinaima. Agogo anu anali pamtondo chapafupi, ndipo ndikukumbuka kuti munsi unaima m'mwamba. Che Amidu anawayang'ana, iwonso anawayang'ana. Kenako anasalaza nthenga zija bwinobwino n'kuika nkhuku pansi.

"Sinachire," anatero. "Fupa lake ndi lovuta, ngati la mwini wake. Dikirani, bwana. Ndipo amayi, pitirizani kuisamala monga mukuchitiramo."

Munsi unagwera mumtondo. Ine sindinaone kalikonse pamenepo. Ndinangofalitsa gombe lonse kuti Che Amidu mphamvu zinawathera, ndipo anthu ena anasiyadi kuwaitana. Iwo anamva, koma sanadziyankhire ngakhale kamodzi.

Tsiku limene ndinatsala pang'ono kudziwononga linali m'mwezi wachinayi. Kutupa kunali kutachepa, phazi likuoneka ngati la munthu. Kugombe kunamveka nyimbo yokokera khoka, ndipo ndinamva wina waima pamalo panga akuyambitsa nyimbo yanga molakwika. Mtima unandiwawa. Ndinataya ndodo, ndinagwira mzati wa khonde, n'kuimirira. Phazi linatsala pang'ono chonchi kufika pansi. Agogo anu anatulukira ndi mtsuko pamutu. Sanakuwe, sanathamange. Anatula mtsuko bwinobwino.

"Pondani, atate ake a Yohana," anatero. "Phazi ndi lanu. Koma muyambe mwadikira ndikaitane anthu, muwauze nokha kuti kulumbira kwanu kuja kunali kwa mwana. A enfermeru ndikawauza ndine."

Ankandidziwa mayi ameneyu. Ankadziwa kuti kudula phazi sindinkaopa kwenikweni, koma kusekedwa kuti ndabweza mawu. Ndinayang'ana nkhuku, ili apo ndi mwendo umodzi. Ndinakhala pansi, ndipo tsiku limenelo sindinadye chifukwa cha mkwiyo.

Mwera utayamba kuwomba, a Barnaba anabweranso. Anagwira phazi ili, anagwira linzake, anabwereza, kenako anati, "Puronto, zatheka. Lazizira." M'thumba mwawo anatulutsa nsapato yoyamba ya mtundu uwu, pansi pake thabwa lokhota ndi tayala, m'kati mwake mofewa. Anati phazi lauma lili lokhota pang'ono, ndipo dzanzi silidzatha, choncho osayendanso chosavala, osaimanso pachingwe cha khoka, ndipo tsiku lililonse wina aziliyang'ana pansi ngati mwalowa munga.

"Mwanena zanu," ndinatero ine. "Koma nkhuku sinaponde."

"Tiyeni tione mawa," anatero agogo anu.

Kutacha, nkhuku inatuluka kuseri kwa khitchini ikuponda ndi miyendo yonse iwiri. Inkadzandira ngati yoledzera, koma inkaponda. Tsiku lachitatu inkathamangitsa ziwala. Ndinavala nsapato, ndinayenda mpaka kugombe, ndipo aliyense amene ndinakumana naye ndinamuuza kuti, "Mwaona? Za makolo sizinama. Nkhuku yaponda, ine ndaponda." Ndinafuna kuipha kuti tidye posangalala, koma agogo anu anailanda m'manja mwanga ndi ukali umene ndinali ndisanauonepo. Anati imeneyi mpeni sudzaikhudza.

Zinapita zaka zisanu. Ndinasiya chingwe, ndinalowa m'bwato kumapalasa ndi kuponya khoka. Tinabereka azakhali anu a Marita. Madzulo aliwonse agogo anu ankanditembenuza phazi n'kuliyang'ana ndi maso awo, poti langa silinkanena kanthu. Nkhuku ija inaikira, inaswa, inakalamba, mpaka inasiya kuikira.

Kenako nkhondo inafika m'mbali mwa nyanja. Midzi inayamba kupsa, mabwato athu anaswedwa, ndipo tinauzana kuti tithawire ku Likoma. Poti njira ya kugombe inali yoopsa, tinadzera m'mapiri, masiku awiri wapansi mpaka pafupi ndi Cobue. Ine ndinanyamula Marita paphewa ndi mtolo wa ukonde wanga kumsana, n'kukwera miyala imeneyo ndi phazi lomweli. A Mateyu, a mwendo umodzi aja, tinayesa kuwanyamula pamachira, koma paphiri loyamba anatiuza kuti tiwatsitse pansi pa mtengo, tipulumutse ana. Tinawasiyira madzi ndi chinangwa. Sitinawaonenso.

Titafika kugombe dzuwa lili pamutu, bwato linali limodzi, anthu ambiri. Mwini bwato anati aliyense alowe ndi mwana ndi katundu mmodzi pabanja, zina zonse zitsale. Anthu anasiya miphika, mbuzi, makasu. Nditacheuka ndinaona agogo anu akumbatira kadengu, m'menemo muli nkhuku yokalamba ija.

"Amake Yohana, mwapenga kodi? Ukonde ndi umene utidyetse kutsidyako. Tayani chinkhuku chosaikiracho!"

Anagwada pamchenga, anaitulutsa, n'kupatula nthenga za pantchafu yamanzere. Panali chipsera chozungulira, choyera, popanda nthenga ngakhale imodzi.

"Nkhukuyi inachira pa masabata atatu, monga nkhuku zonse," anatero. "Ndinkaimanga ndine. Kaulusi ka bwazi, kupinda mwendo m'kati mwa nthenga. Mukagona ndinkaimasula kuti mwendo usafe, m'mawa n'kuimanganso. Miyezi isanu, yosalakwa kanthu. Malume anga nawonso anawathyolera nkhuku, koma yawo palibe anaimanga, inaponda msanga, iwonso n'kuponda. Lero ali pansi pa mtengo uja. Inu mwafika pano ndi mwana paphewa. Ndiye ngati ikutsala, nditsala nayo."

Ana inu, ndakhala zaka zambiri, koma manyazi ngati a tsiku limenelo sindinawamvepo. Ndinakumbukira munsi uli m'mwamba. Ndinakumbukira Che Amidu akusalaza nthenga, munthu amene ndinamuipitsira dzina gombe lonse, iye akundisungira mwendo. Ndinafuna kukalipa kuti anandipusitsa pamaso pa mudzi, koma ndinangoyang'ana chipsera chija. Mayi amene sanaphunzire ngakhale kulemba dzina lake anaona kuti mwamuna wake samvera dotolo, samvera mkazi, amangomvera nkhuku, ndiye anakalankhula ndi nkhukuyo. Nzeru zotere ine ndinalibe, ndipo mpaka lero sindinazipeze.

Mwini bwato ankakuwa kuti tifulumire. Ndinatula ukonde wanga, umene ndinaupota ndekha chaka chathunthu, n'kuusiya pamchenga. Ndinalowa m'bwato, ndipo nyanja yonse mpaka ku Likoma nkhukuyo inali pamiyendo panga, ndikuitchinga ku mafunde ndi malaya.

Inafera kutsidyako ndi ukalamba, ndipo tinaikwirira. Koma mwa anapiye ake amene tinagawira abale a kumapiri nkhondo isanafike, mbewu inatsala, ndipo titabwerera agogo anu anayenda masiku atatu kukatenga msoti umodzi wamawangamawanga. Iyo mwaithamangitsayo ndi ya mtundu umenewo. Che Amidu sindinawapezenso kuti ndiwapepese, anamwalira tili kothawa. Agogo anu ndinawathokoza, koma mochedwa ndiponso mopereweza, monga timachitira amuna. Chiwaikireni m'manda, palibe amene amandigwira phazi ndi kuseri kwa dzanja.

Lusiya, bwera unditembenuze phazili uone ngati mwalowa munga, ine sindingamve. Iwe Paulo, katape madeya m'lichero umo, ukaipepese nkhukuyo.